Firiji Yakale Isatayidwe: Kusunga Kutentha kwa Mowa, Thobwa ndi Munkoyo M'makomboni a Lusaka

Kuseri kwa nyumba zambiri ku Kanyama, ku Matero ndi ku George mupezako firiji yakale. Ina yagonekedwa chagada nkhuku zikuikiramo mazira, ina inasanduka kabati ya mbale, ina ikungodyedwa ndi dzimbiri kudikira anyamata ogula zitsulo. Kabuku kano ndalembera inu amayi ndi abambo amene mumafulula mowa wa pakhomo, kapena kuphika thobwa ndi munkoyo. Firiji imeneyo, kaya injini yake ikulira kaya inafa kalekale, ndi bokosi lodziwa kusunga kutentha, ndipo pa ntchito yofulula kutentha ndiye mwini nkhani.

Ndinayamba kuziona zimenezi pakhomo pa azakhali anga ku Chawama. Mowa wawo wa masiku asanu ndi awiri unkaitanidwa pa zinkhoswe ndi pa maliro. M'mwezi wa Julayi ankakulunga mbiya ndi masaka ndi bulangete lakale, n'kumadzuka pakati pa usiku kukagunditsa khutu pa mbiyayo kuti amve ngati mowa ukuwira. Nthawi zambiri unkangokhala chete, wozizira, wotsekemera ngati phala la mwana, tsiku la mwambo n'kufika usanapse. Mu Okutobala zinkatembenuka: ufa womwewo, chimera chomwecho, manja omwewo, koma pofika tsiku lachinayi mowa wasasa wolumitsa mano. Ankandiuza kuti, "Mwanawe, pali wina wauyang'ana ndi diso loipa mowa uno." Panalibe amene anaulodza. Denga la malata ndi limene linkauwotcha masana, chisanu n'kumaupha usiku.

Chimene chimachitika m'ndowa

M'ndowa ya mowa mumagwira ntchito magulu atatu, ndipo lililonse lili ndi kutentha kumene limakonda.

Gulu loyamba ndi chimera, kaya cha mapira, cha mawere kapena cha chimanga. Mbewu ikamera imatulutsa mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga. N'chifukwa chake phala lolimba limasungunuka n'kuyamba kutsekemera mukangothiramo chimera. Muzu wa munkoyo umagwira ntchito yomweyo. Mphamvu imeneyi imagwira bwino phala likakhala lotentha ndithu, cha pa madigiri 60 mpaka 65, koma imafa mukaithira m'phala limene likubwata pamoto. Phulani kaye, litsike pang'ono, kenaka thirani.

Gulu lachiwiri ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timabweretsa kuwawasa kokoma kuja, kwa thobwa logona ndi kwa mkaka wa chambiko. Timeneti timakonda malo ofunda kwambiri, madigiri 30 mpaka 45, ndipo kukatentha timathamanga kuposa anzake onse.

Gulu lachitatu ndi yisiti, kaya ya m'kapaketi kaya yachilengedwe imene imatsalira m'mbiya yakale ndi pa chimera. Iyi ndi imene imadya shuga n'kutulutsa mowa ndi mpweya wa thovu. Pa mowa wa masese imayenda bwino pakati pa madigiri 22 ndi 28. Kukazizira kwambiri imagona. Kukapitirira madigiri 35 imatopa, imatulutsa fungo loipa lobaya m'mphuno, ndipo tizilombo ta kuwawasa timailanda malo. Chinthu china chimene ambiri sachidziwa n'chakuti mowa ukamawira umadzitenthetsa wokha. M'kati mwa ndowa mumatentha kuposa mpweya wa m'chipindamo, makamaka masiku awiri oyamba.

Tsono taganizirani nyengo yathu. Lusaka ali pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere. Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, masana n'kufunda. Mu Okutobala masana kumapitirira madigiri 30, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i mumatentha koposa pamenepo. Chimene chimaononga mowa kwambiri ndi kukwera ndi kutsika kumeneku tsiku ndi tsiku. Makoma a firiji ali ndi thovu louma m'kati limene limatchinga kutentha kwa kunja kuti kusalowe, ndi kwa m'kati kuti kusatuluke. Chimenechi n'chimene tikufuna kwa iyo.

Ofulula a kunja anadutsanso njira yomweyi. Mowa wa mtundu wa lager, monga Mosi, umafuna kuwira pamalo ozizira kwa milungu, ndipo kale ku Bavaria ankaufululira m'mapanga ndi m'zipinda za pansi pa nthaka zodzaza madzi oundana. Katswiri wina, Carl von Linde, makina ake oyamba oziziritsa anakawaika pa kampani yofulula mowa ya Spaten ku Munich m'zaka za m'ma 1870. Choncho kuika ndowa ya mowa m'firiji n'kubwezera firijiyo ku ntchito imene inayambira.

Musanaigwire ndi chitsulo

Pano ndichedwepo, chifukwa ndi pamene anthu amavulala.

Tembenuzani firiji muyang'ane kumbuyo. Pa injini yakuda yozungulira ija, kapena pa kapepala komatidwa, palembedwa mtundu wa gasi amene ali m'mapaipi. Mafiriji akale kwambiri ali ndi R12, gasi amene mayiko anagwirizana kumusiya pa pangano la ku Montreal mu 1987 chifukwa amaononga mpweya wa kumwamba wotiteteza ku dzuwa. Ena ali ndi R134a. Ambiri atsopano ali ndi R600a, ndipo ameneyu amayaka moto. Musadule paipi iliyonse, musagwiritse mpeni kupala madzi oundana, ndipo musayatse mbaula pafupi pamene mukugwira ntchito. Ngati pafunika kuchotsa gasi kapena injini, itanani wokonza mafiriji wodziwa ntchito yake. Kuno bungwe la ZEMA ndi limene limayang'anira za magasi amenewa.

Musaboole makoma a m'mbali kapena kumbuyo. M'mafiriji ambiri mapaipi a gasi anabisika m'kati mwa makomawo ndipo saoneka. Ine ndinaononga firiji yamoyo ndi msomali umodzi, pofuna kudutsitsa waya. Ndinangomva kuti fwii, ndipo inathera pomwepo. Waya wopyapyala amadutsa bwino pa mphira wa chitseko popanda kuboola chilichonse.

Nkhani ya ana ndi yaikulu kuposa zonsezi. Mwana akamasewera chibisalirano firiji yopanda kanthu imamuoneka ngati malo abwino, ndipo m'katimo mpweya umatha msanga, kulira kwake sikumveka kunja. Mafiriji akale okhala ndi chotsekera chachitsulo satseguka kuchokera m'kati. Chotsekera chotero chichotseni tsiku lomwelo. Ngati mukuika loko kuti ana asafike pa mowa, lokoyo akhale wokhoma nthawi zonse, kiyi ali ndi munthu wamkulu, ndipo muziyang'ana m'kati musanakhome. Firiji imene mwasiya kugwiritsa ntchito ichotseni chitseko.

Kutsuka ndi kukonza malo

Tulutsani mashelefu onse. Tsukani m'kati ndi madzi ofunda ndi sopo, kenaka pukutani ndi madzi a soda, amene amachotsa fungo la nsomba ndi la ndiwo zakale. Nkhungu yakuda imabisala m'mapindo a mphira wa chitseko. Ipaleni ndi mswachi wakale ndi madzi othira Jik pang'ono, mutsukuluze bwino, n'kusiya chitseko chotsegula padzuwa tsiku lonse.

Yesani mphirawo motere: panitsani kapepala pa chitseko, mutseke, mukoke. Kakatuluka mosavuta ndiye kuti pamenepo mpweya ukulowa. Mphira wouma umafewa mukaupukuta ndi nsalu ya madzi otentha. Ukakanika, mangani chitseko ndi lamba wa chubu cha njinga.

Ndowa ya malita 20 yodzaza imalemera makilogalamu oposa 20. Shelefu ya galasi singaisenze. Pansi pa firiji yoimirira pamakhala kachitunda kumbuyo pamene pabisala injini. Ikani njerwa ziwiri kutsogolo kwake ndi thabwa lolimba pamwamba kuti ndowa ikhale pathyathyathya. Yezani ndowa yanu musanayambe zonsezi, chifukwa ndaona munthu atakonza zonse n'kupeza chitseko sichitseka.

Firijiyo ikhale pamthunzi, kutali ndi khoma lowombedwa ndi dzuwa la masana ndi kutali ndi pophikira. Inu a ku Kanyama ndi malo ena osefukira madzi nthawi ya dzinja, ikwezeni pa mabuloko. Madzi ndi magetsi sizigwirizana.

Za ndowa ndinene mwachidule: gwiritsani ndowa kapena chigubu chimene munali zakudya, monga cha mafuta ophikira, chotsukidwa bwino. Chimene munali mankhwala a m'munda, penti, parafini kapena mafuta a galimoto chisayandikire mowa ngakhale mutachitsuka kakhumi.

Firiji yofa

Ambiri a inu muli ndi imeneyi, ndipo musaidelere. Pa mowa wa masese, thobwa ndi munkoyo ikukwanirani. Mufunika kachipangizo koyezera kutentha, mabotolo anayi kapena asanu apulasitiki a malita awiri, ndi kabuku kolembamo.

Nyengo yozizira, madzulo thirani madzi otentha m'mabotolo awiri. Asakhale obwata kumene, chifukwa botolo limakwinyika. Aimikeni m'firiji pambali pa ndowa, osati kuigunda, n'kutseka. M'mawa yang'anani kachipangizo. Mukapeza madigiri 24 kapena 25, zili bwino. Mukapeza 18, usiku wotsatira onjezani botolo lachitatu. Madziwo mutha kuwatenthetsa pa makala otsala mutaphika nsima ya madzulo, choncho simuonjeza ndalama. Koma mbaula yeniyeniyo, kapena makala amoto m'chitini, musaziike m'firiji. Pulasitiki wa m'kati amasungunuka n'kuyaka, ndipo utsi wa makala m'malo otsekeka umapha.

Nyengo yotentha, tembenuzani. Mabotolo omwewo aundanitseni m'firiji ya anansi kapena kwa ogulitsa ayisi pa msika, musadzaze mpaka pakamwa chifukwa madzi akaundana amafufuma. Ikani limodzi kapena awiri pamwamba, popeza mpweya wozizira umatsika pansi, ndi kambale pansi pake kolandira madzi odontha. Sinthani m'mawa dzuwa lisanakwere ndi madzulo. Tsiku lachiwiri la kuwira ndi limene limafuna ayisi wambiri.

Amayi ogulitsa munkoyo ndi thobwa pa msika wa Mtendere kapena ku Soweto, njira imeneyi ndi yanu kwambiri. Chakumwa chikafika pa kukoma kumene makasitomala anu amakonda, chiziziritseni msanga ndi mabotolo ambiri a ayisi. Kuzizira sikuimitsa kuwira kotheratu koma kumakuchedwetsa, ndipo chigubu chimene chikanasasa pofika masana chimatha kufika madzulo chili chokoma.

Firiji yamoyo

Firiji yogwira ntchito ili ndi vuto limodzi: inapangidwa kuti izizizira mpaka madigiri 3 kapena 5, ndipo pamenepo yisiti imagona. Ngakhale mutembenuze kagudumu ka m'kati mpaka kumapeto, sifika pa madigiri 20. Pafunika kabokosi kena kakunja kolamula nthawi yoyaka ndi yozima.

Kodziwika kwambiri ndi STC-1000, kamene oswetsa mazira a nkhuku amagwiritsanso ntchito, ndiye funsani m'masitolo a zipangizo za magetsi ndi a zoweta nkhuku. Onetsetsani kuti ndi ka mavoti 220, chifukwa kaliponso ka mavoti 12 ndi 110 kofanana nako maonekedwe. Kali ndi waya wautali wokhala ndi kamutu koyeza kutentha, ndi njira ziwiri zotulukira magetsi: ina ya choziziritsa, ina ya chotenthetsa. Firiji siisinthidwa kalikonse. Pulagi yake imangolowa m'soketi imene kabokosiko kamalamula. Kulumikiza mawaya ake ndi ntchito ya munthu wophunzira za magetsi, ndipo muumirire kuti akatsekere m'bokosi lapulasitiki, waya wa nthaka alumikizidwe, pasatsale waya wamaliseche. Kuli kenanso kotchedwa Inkbird ITC-308 kobwera ndi masoketi kale, kongolowetsa, koma n'kokwera mtengo.

STC-1000 ili ndi zosintha zinayi. F1 ndi kutentha kumene mukufuna; pa masese ikani 24 kapena 25. F2 ndi mpata umene kutentha kungasunthe firiji isanayake. Digiri imodzi ikukwana. F3 ndi mphindi zimene injini imapuma isanayakenso, ndipo iyi musaifupikitse: ikani mphindi zisanu kapena kuposa, chifukwa injini yakale ikamayaka n'kuzima pafupipafupi imapsa. F4 ndi yokonzera ngati kachipangizo kakunama poyerekeza ndi kena kodalirika.

Kamutu koyeza kaja musakalendewetse m'mphepo ya m'firiji. Kamateni ndi tepi pa mimba ya ndowa, cha pakati, n'kukaphimba ndi kachidutswa ka siponji kapena ka patapata wakale. Mukatero kakumva kutentha kwa mowa, osati kwa mpweya umene umasintha mukangotsegula chitseko.

Mu Juni ndi Julayi firiji siyakanso, chofunika ndi kutenthetsa. Ena amaika babu lakale la mawati 25 kapena 40 m'chitini chachitsulo n'kulilumikiza ku njira ya chotenthetsa. Limagwira, bola lisagunde pulasitiki ndiponso madzi asalidonthere. Mababu a LED satentha mokwanira. Ine ndimakondabe mabotolo a madzi otentha, chifukwa sayatsa nyumba.

Firiji imene mwainyamula chogona pa wilibala kapena pa galimoto iimikeni maola angapo musanaiyatse, kuti mafuta a m'injini abwerere m'malo mwake.

Amene mukufuna mowa woyera wa chimera cha barele, firiji yotere ndi imene ikufunika: madigiri 18 mpaka 20 kwa milungu iwiri pa mtundu wa ale. Mtundu wa lager umafuna cha pa madigiri 10 kwa nthawi yaitali, ndipo ndi magetsi athu sindikulangizani kuyambira pamenepo.

Malaiti akapita

Tonse tikukumbukira 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo ZESCO inkazimitsa magetsi maola 17 pa tsiku, nthawi zina kuposa. Konzani firiji yanu ngati kuti masiku amenewo abweranso. Dzazani malo onse otsala ndi mabotolo a madzi. Madzi ambiri sasintha kutentha msanga, ndiye malaiti akapita firiji imangokhala ngati yofa ija, ikusunga chimene inali nacho. Musatsegule chitseko kuti muone. Kutsegula kulikonse n'kutaya. Kabokosi kamasunga zimene munaika ndipo kamapitiriza kokha magetsi akabwera. Ikaninso kachipangizo kotetezera firiji pa soketi ya pakhoma, popeza magetsi amakonda kubwera ndi mphamvu yosakhazikika.

Madzi ndi mpweya

Kolera inatikantha mu 2017 ndi 2018, Kanyama ali pakati pa malo ovutika kwambiri, ndipo inabweranso mu 2023 mpaka bwalo la Heroes linasanduka chipatala mu Januwale 2024. Zitsime zosaya za m'makomboni zili pafupi ndi zimbudzi. Musanamizidwe kuti mowa umapha tizilombo tonse. Phala lowiritsa ndi lotetezeka, koma ngozi ili pa madzi amene mumathira pambuyo pake: osungunulira, onyikira muzu wa munkoyo, otsukira sefa ndi ndowa. Onsewo akhale owiritsa ndi ozizitsidwa m'chiwiya chovundikira. Ayisi wogula asalowe m'chakumwa; akhale m'botolo lake lotseka. Chimanga kapena chimera chochita chuku chitayeni, chifukwa poizoni wa chuku sathera pamoto ndipo amaononga chiwindi.

Mowa wowira umatulutsa mpweya wambiri. Mukayang'ana paketi ya Chibuku pamwamba pake mupeza kabowo. Ndi kopumira, kuti isaphulike. Chigubu chanunso musachitseke ndi mphamvu. Boolani chivundikiro, lowetsani kapaipi koyera kothina bwino, mapeto ake muwamize m'botolo la madzi owiritsa. Mpweya uzituluka n'kumachita thovu m'botolomo, koma wakunja ndi tintchentche ta zipatso sizilowa. Mpweya wakunja ndi umene umathandiza tizilombo tosandutsa mowa kukhala viniga. Siyaninso mpata pamwamba pa ndowa, kotala yake, kuti thovu lisasefukire.

Mpweya wa mowawu ndi wolemera, umadikha pansi, ndipo ulibe mtundu. M'firiji yogona yotsegukira kumwamba umadzazana. Mukatsegula dikirani pang'ono, musalowetse mutu mpaka pansi, ndipo firiji yofululira isakhale m'chipinda chogona chotseka mawindo.

Lamulo

Zonse ndalemba pano ndi za zakumwa zowiritsa. Kutcheza kachasu ndi nkhani ina, yoletsedwa ndi lamulo, ndipo firiji siingachotse poizoni amene amachititsa anthu khungu. Musathire m'mowa feteleza, mabatire kapena mankhwala aliwonse kuti ukhale waukali. Tinaona mmene tujilijili tinaonongera achinyamata mpaka boma linatiletsa mu 2012. Kufulula kwa pakhomo n'kosiyana ndi kugulitsa: wofuna kugulitsa mowa apite ku Lusaka City Council akafunse za chilolezo, ndipo lamulo la mowa la 2011 limaletsa kugulitsa kwa aliyense wosakwana zaka 18. Kumbukiraninso kuti munkoyo ndi thobwa zikagona masiku angapo pofunda zimayamba kuledzeretsa. Za ana ndi za amayi oyembekezera zikhale zatsopano.

Yambani ndi madzi okha

Musaike ufa ndi chimera chanu pachiswe tsiku loyamba. Dzazani ndowa ndi madzi wamba, ikani m'firiji monga mmene mudzaikire mowa, ndipo kwa masiku atatu lembani kutentha katatu pa tsiku: m'mawa kwambiri, masana cha m'ma 14 koloko, ndi pogona. Lembaninso mabotolo angati munaika, ndi maola amene malaiti anapita. Pofika tsiku lachitatu mudziwa kuti firiji yanu imafuna mabotolo angati pa nyengo imene mukuyesayo kuti ikhale pa madigiri 24. Mukathiramo mowa weniweni nyengo yozizira, chotsanipo botolo limodzi la madzi otentha pa masiku awiri oyamba, popeza mowawo ukudzitenthetsa wokha, ndipo pansi pa manambala a tsiku lililonse lembani mmene wakomera.